Kasankhidwe ka gitala ya besi: mawu ake, kugwirika kwake ndi nyimbo zimene mumaimba

Kuno ku Thyolo ndi kwa anansi athu a ku Mulanje, bandi ya mpingo kapena ya maukwati ikasonkha ndalama zogulira zida, gitala ya besi kawirikawiri imagulidwa pomaliza, ndi ndalama zimene zatsala pa kiyibodi ndi masipika, ndipo munthu amene amatumidwa ku Limbe kukaigula nthawi zambiri si amene adzaiimbe. Zotsatira zake timazimva Lamlungu lililonse: besi yonyezimira bwino koma yolira ngati ili m'mbiya, kapena ya nsambo zolimba mwakuti mnyamata woiimba amatuluka matuza m'zala asanamalize nyimbo zitatu. Ine ndaimba besi kwa zaka zambiri m'dera la Luchenza, ndagulapo zabwino ndiponso ndagulapo yoipa, choncho ndilongosola njira imene ndimatsata munthu akandipempha kuti ndimuperekeze kokasankha.

Choyamba chimachitika musanakwere n'komwe minibasi. Khalani pansi ndi anzanu a m'bandi, mutchule nyimbo khumi zimene mumaimba kwambiri, ndipo mudzifunse kuti besi imagwira ntchito yanji m'nyimbo zimenezo. Ngati mumakonda reggae ya mtundu umene anyamata a Black Missionaries a ku Chileka adazolowetsa dziko lino, mukufuna mawu okhuthala, ozama, ofika pachifuwa, opanda kulira kwa chitsulo pamwamba pake. Ngati mumaimba sungura kapena rumba ya ku Congo, besi imathamanga, imakwera kumafureti (tizitsulo topingasa pa khosi la gitala) a pamwamba n'kumayankhana ndi gitala yotsogolera, monga amachitira Alick Macheso wa ku Zimbabwe, ndipo pamenepo pafunika mawu owala oti noti iliyonse imveke payokha. Nyimbo za uzimu za masiku ano zimatsamira kwambiri pa kiyibodi, ndipo woimba kiyibodi amatsitsa kapena kukweza kiyi malinga ndi mawu a wotsogolera nyimbo, zimene zimakhudza chiwerengero cha nsambo zimene mufunika. Palinso mabandi amene amaika magule athu monga tchopa ndi manganje pa zida zamagetsi. M'menemo besi imalowa m'malo mwa ng'oma yaikulu, ndiye iyenera kugunda mwachidule n'kukhala chete msanga, osati kumangolira mokoka.

Mukadziwa zimenezi, chachiwiri n'kumvetsa kumene mawu a besi amachokera. Anthu ambiri amatsutsana za mtengo umene thupi la gitala lasemedwa, koma pa besi yamagetsi chimene chimasintha mawu kwambiri ndi pickup, kachipangizo ka maginito kokulungidwa ndi waya wa kopa kamene kamakhala pansi pa nsambo n'kumasandutsa kunjenjemera kwake kukhala mphamvu ya magetsi yopita ku ampu, bokosi lokuza mawu. Malo amene pickup yaikidwa ndiwo chinsinsi: ikakhala chapakati, kufupi ndi khosi, imatola mawu onenepa, pomwe ikakhala kumunsi, pafupi ndi pamene nsambo zamangidwira, imatola mawu opyapyala ndi akuthwa.

Pafupifupi besi zonse zimene mungazipeze m'masitolo mwathu zinatengera mapangidwe atatu akale. Leo Fender adatulutsa Precision Bass m'chaka cha 1951 ku America, ndipo kuyambira 1957 idayamba kukhala ndi pickup imodzi yogawika pawiri, mbali ina ya nsambo ziwiri zazikulu, ina ya ziwiri zazing'ono. Kugawikako kumathetsa phokoso la magetsi, ndipo mawu ake ndi odzaza chapakati, osasowa m'gulu ngakhale ng'oma zitakwiya. Ili ndi zopotokola ziwiri zokha, cha voliyumu ndi cha kuwala kwa mawu, choncho woyamba kumene sangasokonezeke nayo. James Jamerson, amene adaimba besi m'nyimbo zambiri za kampani yojambula nyimbo ya Motown ya ku America, ankagwiritsa ntchito imeneyi. M'chaka cha 1960 kudabwera Jazz Bass, ya ma pickup awiri otalikirana amene mungawasakanize mmene mukufunira, ndiponso ya khosi lopyapyala kumutu, pafupifupi mamilimita 38 m'lifupi pamene la Precision limapitirira 41. Ndi besi yolola zambiri: mukatsegula pickup ya kumunsi mumapeza kuthwa koyenera sungura, mukatsegula ya kukhosi n'kuchepetsa kuwala mumapeza kuzama kwa reggae, ndipo Aston Barrett wa gulu la The Wailers ankadziwika ndi besi ya mtundu umenewu. Vuto lake ndi lakuti pickup imodzi ikatsegulidwa yokha imatola kung'ung'udza kwa magetsi, makamaka m'nyumba ya mawaya osalongosoka kapena pamene mukuimbira pa jenereta. Mtundu wachitatu ndi wa Music Man StingRay wa 1976, wokhala ndi pickup imodzi yaikulu chakumunsi ndi batire m'kati, ndipo ndiwo umakondedwa ndi oimba omenya nsambo ndi chala chachikulu. Palinso besi zosakaniza, zotchedwa PJ, zokhala ndi pickup ya Precision pakati ndi ya Jazz kumunsi. Kwa bandi imene imaimba mu tchalitchi m'mawa n'kukaimba pa chinkhoswe madzulo, PJ ndiyo ndimalangiza kawirikawiri.

Apa ndiyenera kuima pa nkhani ya batire, chifukwa inandichititsapo manyazi. Besi zina ndi za active, kutanthauza kuti m'kati mwake muli kachipangizo kokuza ndi kukonza mawu kamene kamadya batire la mavoti 9, lija la makona anayi, pomwe zina ndi za passive, zosafuna batire konse. Ya active imakupatsani mphamvu yowonjezera kapena kuchepetsa mawu apansi ndi apamwamba muli chiimire, osapita ku ampu. Koma chimene ambiri sauzidwa pogula n'chakuti batire limayamba kugwira ntchito mukangolowetsa chingwe m'gitala, kaya mukuimba kaya simukuimba. Tsiku lina tidayeserera Lachisanu madzulo, ine n'kusiya chingwe chili cholowetsa mpaka m'mawa monga ndinkachitira masiku onse, ndipo pa ukwati wa Loweruka cha ku Bvumbwe, perekaniperekani ali m'kati, besi idayamba kusasa mawu ngati munthu wa chimfine, kenako n'kuzimiratu. M'magolosale onse a pafupi munali mabatire a tochi ndi a wailesi okha. Kuyambira tsiku limenelo ndimati munthu wokhala kutali ndi tauni asankhe passive, kapena active yokhala ndi switch yobwezera ku passive, ndipo ngati wakonda active basi, azizula chingwe akamaliza ndiponso azisunga batire lina m'chikwama.

Chachitatu ndi chiwerengero cha nsambo. Besi ya nsambo zinayi imatchunidwa E, A, D, G, ndipo ya zisanu imawonjezera B wapansi. Kusiyana kwake kwenikweni ndi manoti asanu okha otsika kuposa E, koma manoti amenewa amathandiza kwambiri woimba kiyibodi akakonda makiyi monga E flat kapena D, chifukwa simukakamizika kukwera pamwamba pamene nyimbo ikufuna kuzama. Komabe nsambo yachisanu ili ndi mtengo wake. Khosi limatambalala, gitala imalemera, paketi ya nsambo imakwera mtengo, ndipo B amangolira yekha ngati simunaphunzire kumugwira ndi chala chachikulu pamene mukuimba nsambo zina. Chinanso n'chakuti B wapansi amanjenjemera pafupifupi ka 31 pa sekondi, pomwe E ndi ka 41, ndipo masipika ang'onoang'ono ambiri a m'matchalitchi mwathu sangatulutse mawu otsika chotero, amangopuma mpweya n'kumagwedezeka. Pa besi yotsika mtengo B amakhalanso wolobodoka kawirikawiri. Maganizo anga ndi akuti ndalama zikakhala zochepa, ya nsambo zinayi yopangidwa bwino imaposa ya zisanu yopangidwa mwachinyengo. Ya zisanu ndi imodzi isiyireni amene akudziwa kale chimene akuifunira.

Utali wa nsambo, kuchokera kumutu kufika kumunsi, nawonso muuganizire. Besi zambiri ndi za mainchesi 34, kapena kuti pafupifupi masentimita 86, ndipo zina za nsambo zisanu zimafika 35 kuti B akhale wokungika. Zilipo zazifupi za mainchesi 30, zabwino kwa mwana wa Sande sukulu kapena aliyense wa manja aang'ono, ngakhale nsambo zake zimavuta kupeza kuno.

Tsopano mwafika m'sitolo, kapena kunyumba kwa munthu amene akugulitsa yake yogwiritsidwapo kale ntchito. Musathamangire ku ampu. Pemphani lamba, muikoleke gitalayo paphewa, muimirire monga mumaimirira pa mapemphero a usiku wonse, ndipo musiye manja onse awiri. Ngati mutu wa gitala ukugwera pansi, dziwani kuti dzanja lanu lamanzere lidzakhala likunyamula khosi m'malo moimba, ndipo phewa lidzakupwetekani. Besi zambiri zimalemera makilogalamu anayi kapena kupitirira pang'ono, ndipo theka la kilogalamu limene simukulimva m'sitolo mudzalimva ola lachitatu. Kenako yendetsani dzanja kumbuyo kwa khosi kuyambira kumutu mpaka kuthupi. Makosi ena ndi onenepa ngati mpini wa khasu, ena ndi opyapyala, monga a Ibanez a mtundu wa SR, ndipo palibe labwino kuposa linzake koma limene dzanja lanu lakhazikikapo popanda kupinda mkono mopweteka. Gwiraninso m'mbali mwa khosi kuti mumve ngati nsonga za mafureti zikukanda. Imbani nsambo iliyonse gitala isanalumikizidwe, mutaigunditsa pamimba: besi yabwino imanjenjemera thupi lonse ndipo noti imakhalitsa isanazime.

Pamene pafunika kudekha kwenikweni ndi pa khosi, pakuti pickup yoipa imasinthidwa, zokungira nsambo zimasinthidwa, koma khosi lopotoka ndiye kuti ndalama zalowa m'madzi. Yambani ndi kuitchuna gitalayo bwinobwino, ngakhale ndi tuner ya pa foni, chifukwa ogulitsa ena amamasula nsambo kuti zioneke zofewa. Ikani thupi la gitala pansi kapena pa mpando, mutu uli kumaso kwanu, mutsinzine diso limodzi n'kuyang'ana m'mbali mwa khosi monga amachitira mmisiri wa matabwa poona ngati thabwa lawongoka. Yang'anani mbali ya nsambo yaikulu, kenako mbali ya yaing'ono. Khosi labwino limakhala lowongoka kapena lopindikira kutsogolo pang'ono kwambiri, mofanana mbali zonse ziwiri. Mbali imodzi ikapindika ina ili yowongoka, khosilo lapotoka, ndipo muibweze gitalayo mwaulemu ngakhale mtengo utatsika bwanji.

Kenako dinikizani nsambo yaikulu pa fureti yoyamba ndi dzanja lamanzere, ndi pa fureti yomaliza ndi chala cha dzanja lamanja, ndipo muyang'ane mpata wa pakati pa nsambo ndi fureti ya 7 kapena ya 8. Mpatawo uyenera kukhala wongokwana kakhadi ka mayunitsi a foni. Ukakhala waukulu moti mungalowetsemo ndalama yachitsulo, khosi lapindika ngati uta, ndipo ukasoweratu, nsambo zidzakhala zikukhudza mafureti n'kumalira ngati njuchi. Zonse ziwirizi zimakonzeka ngati chitsulo cha m'kati mwa khosi chimene chimaliwongola, chotchedwa truss rod, chili chamoyo. Pamenepa nenani kuti, "Achimwene, tabweretsani Allen key tione ngati chitsulochi chikuzungulira." Chizungulire pang'ono pokha, gawo limodzi mwa magawo anayi a mzungulo kapena kuchepera apo, osachikakamiza. Ngati mutu wake unadyeka, kapena chafika kale pamapeto khosi likadali lopindika, musagule. Besi yanga yoyamba ndidaigula kwa munthu wina chifukwa cha utoto wake wofiira, osadziwa kuti chitsulo chimenechi chidaduka kalekale, ndipo nsambo zake zidatalikira khosi mwakuti chala changa cha mkombaphala chinkalowa pansi pake pa fureti ya 12. Pa besi yokonzedwa bwino mpata wa pamenepo umakhala pafupifupi mamilimita awiri kapena awiri ndi theka.

Khosi likakukhutiritsani, lumikizani ku ampu, ndipo muike zopotokola zonse za mawu za pa ampuyo pakatikati, chifukwa wogulitsa wochenjera amakweza mawu apansi mpaka gitala iliyonse imamveka ngati bingu la pa phiri la Mulanje. Imbani fureti iliyonse pa nsambo iliyonse, imodzi ndi imodzi, osafulumira. Mukumvetsera zinthu zitatu: noti yolira ngati njuchi pamalo amodzi okha, zimene zimasonyeza fureti yotukuka kapena yodyeka, noti yozima msanga kuposa zinzake, imene kawirikawiri imapezeka pa nsambo ya G pakati pa fureti ya 5 ndi ya 7, ndiponso nsambo imodzi yomveka mokweza kuposa zina. Yerekezani noti ya nsambo yosadinikiza ndi ya pa fureti ya 12 pogwiritsa ntchito tuner. Ziyenera kufanana, ndipo zikasiyana pang'ono zimakonzedwa posuntha tizitsulo ta kumunsi timene nsambo zimatsamirapo, malinga ngati masikuluwu ake sanagwidwe ndi dzimbiri. Zungulitsani chopotokola chilichonse kuti mumve ngati chikukhwekhwereza, gwedezani chingwe pamene chalowera kuti muone ngati mawu akudukaduka, kenako chotsani manja pa nsambo n'kumvetsera. Kung'ung'udza pang'ono kumene kumatha mukagwira nsambo n'kozolowereka, koma kukamakula mukagwira zitsulo, mawaya a m'kati sanalumikizidwe bwino.

Mukatha zonsezi, imbani nyimbo zanu zenizeni, zija munazitchula kunyumba, osati zodzionetsera. Ngati n'kotheka pitani ndi mnzanu woimba gitala kapena kiyibodi, chifukwa besi imene imakoma ikamalira yokha nthawi zina imasowa m'gulu, pomwe ina yomveka yaukali payokha ndiyo imakhala bwino pakati pa ng'oma ndi mawu a kwaya. Mnzanuyo aimekonso inu mutapita chapatali, pakuti mawu a besi amamveka mosiyana ukatalikira sipika.

Za dzina lolembedwa pamutu ndinene mwachidule. Squier, imene ndi ya kampani ya Fender, komanso Yamaha, Ibanez ndi Cort, amapanga besi za mtengo wofikirika zimene zimagwira ntchito zaka zambiri. Koma pamsika pali magitala ambiri ongomatidwa mayina otchuka, choncho mukaona dzina lalikulu pa mtengo wotsika modabwitsa, khulupirirani zimene manja ndi makutu anu apeza, osati chizindikirocho. Besi yopanda mafureti, imene Jaco Pastorius adaitchukitsa, ili ndi mawu okoma otsetsereka ofananako ndi a babatoni wathu, koma imafuna khutu lakuthwa, ndipo siyenera kukhala yoyamba kapena yokhayo ya bandi.

Nsambo nazo zimasintha mawu kuposa mmene ambiri amaganizira, ndipo pano nyengo yathu ikulowapo. Za roundwound, zokhakhala ukazigwira, ndizo zimabwera ndi besi zambiri, ndipo zimawala zikakhala zatsopano koma zimafa msanga ndi thukuta ndi chinyezi. Za flatwound ndi zosalala, mawu ake ndi ofatsa ndi ozama, sizidya mafureti kapena zala, ndipo zimatha zaka zingapo osasintha. Kwa woimba reggae kapena nyimbo za m'buku, flatwound ndi ndalama zogwiritsidwa bwino ntchito ngakhale zili zodula pogula, koma wa sungura adzazipeza zogona. Dera lathu la minda ya tiyi ndi la mvula yambiri, ndipo chiperoni chikagwa m'miyezi ya June ndi July chinyezi chimalowa paliponse, kenako October amabwera ndi kutentha kouma. Mtengo wa khosi umamwa chinyezicho n'kuchitulutsanso, motero besi imene inali bwino m'dzinja imatha kuyamba kulira ngati njuchi m'chilimwe popanda munthu kuigwetsa. N'chifukwa chake ndinaumirira za truss rod. Pogula funsaninso chikwama chochindikala, makamaka ngati gitalayo izidzayenda pa kabaza kapena pamwamba pa katundu m'minibasi, ndipo musaisiye itatsamira khoma lonyowa la m'chipinda chosungiramo zida ku tchalitchi. Kansalu kouma kopukutira nsambo mukamaliza kuimba kamatalikitsa moyo wake kwambiri.

Musathere ndalama zonse pa gitala. Besi imafuna ampu yakeyake, chifukwa sipika ya ampu ya gitala wamba sinapangidwire mawu otsika chotero ndipo imang'ambika mukaikweza. Ngati bandi yanu imalowetsa zida zonse mu mixer, kabokosi kotchedwa DI kamathandiza kuti mawu afike oyera ngakhale chingwe chitatalika, koma woimba besi amafunikabe kena kake pafupi koti azidzimvera. Gulaninso chingwe chabwino ndi lamba wotambalala. Pokambirana mtengo wa yogwiritsidwapo kale ntchito, werengerani pamaso pa mwini wake zimene mukakonzetse, monga nsambo zatsopano, chopotokola chokhwekhwereza kapena polowetsa chingwe pogwedera, ndipo mupemphe kuti zichotsedwe pa mtengowo. M'sitolo funsani risiti ndiponso mugwirizane masiku amene mungaibweze ikapezeka ndi vuto.

Mukafika nayo kunyumba musafulumire kugwira masikuluwu. Isiyeni sabata imodzi kapena ziwiri ili yotchuna kuti khosi lizolowere mpweya wa kwanuko, muziiimba tsiku lililonse, kenako muyezenso mpata uja wa pa fureti ya 8 ndi kakhadi ka mayunitsi. Ngati mwaganiza zosintha nsambo, sinthani kaye musanakonze china chilichonse, chifukwa nsambo za mtundu wina zimakoka khosi mosiyana. Pokonza tsatirani ndondomeko iyi: yambani ndi truss rod, mudikire tsiku limodzi, kenako mukweze kapena kutsitsa nsambo kumunsi, ndipo mumalize ndi kufananitsa noti ya pa fureti ya 12 ndi ya nsambo yosadinikiza.